Mfundo Zanga Khumi ndi Ntchito ya ba Zulu

Ana anga, inu mumandidziwa ngati mayi amene anapuma ntchito ali mkulu pa koleji ya aphunzitsi, ndipo mukamakamba za ine kwa anzanu mumayambira pamenepo. Ine ndikufuna kubwerera m'mbuyo, ku zaka zimene ndinali wamng'ono pantchito, chifukwa m'zaka zimenezo muli nkhani imene sindinakuuzenipo yonse. Za ubwana wanga sindilemba. Mukudziwa kale kuti agogo anu aamuna anachokera ku Dedza, nadzagwira ntchito yophika m'nyumba za azungu mu Lusaka, ndi kuti ine ndinabadwira kuno. Ndiyambira pamene ndinapatsidwa kalasi yangayanga.

1954: Matero

Nditamaliza zaka ziwiri zophunzira uphunzitsi, ananditumiza ku sukulu ina ya ku Matero. Nthawi imeneyo Matero inali isanamere mitengo. Zinali nyumba za khansolo zofanana zonse, zoyalidwa m'mizere, ndipo mphepo ya mu Ogasiti ikawomba, fumbi linkalowa mpaka m'mano. Nyumbazo ankapatsa anthu apantchito okha, moti munthu ntchito ikamuthera, makiyi ankabweza. Sukulu yathu inali ndi zipinda zochepa, choncho ana ankalowa m'magulu awiri, ena m'mawa, ena masana, mphunzitsi ali yemweyo. Ine anandipatsa Sabu A, ndiye kuti ana ongoyamba kumene. Ndinapeza mabenchi anayi, masileti osweka m'makona, ndi mabuku owerenga osakwana khumi. Ana ena kunyumba ankalankhula Chibemba, ena Chitonga, ena Chisoli, ena Chinsenga, pamene buku linali m'Chinyanja cha kumishoni chimene ngakhale ine ndinkachimva m'tchalitchi mokha.

Mlungu woyamba ndinachita zonse monga anatiphunzitsira. Phunziro lililonse ndinkalikonza m'buku, ndi kulemba mphindi zake m'mbali. Koma ana ankangondiyang'ana, ena kulira, ena kutsinana, ndipo pofika Lachisanu mawu anali atandithera pakhosi. Khoma lolekanitsa kalasi yanga ndi ya Sabu B silinkafika kudenga, ndiye zonse zinkamveka uko. Mphunzitsi wa Sabu B anali ba Yohane Zulu, Mngoni wa ku Fort Jameson, kumene lero mukuti Chipata. Anali bambo wamsinkhu wa atate anga, wamfupi, wovala jekete imodzi yomweyo chaka chonse. Ku koleji sanapiteko. Anayamba kuphunzitsa m'masukulu a m'midzi ali mnyamata, atatumidwa ndi amishoni, ndipo satifiketi analibe. Masana a Lachisanu limenelo anaima pakhomo langa, manja ali kumbuyo.

"Ba Koleji, mwasiliza kukuwa?" anandifunsa. Umu ndimo ankanditchulira chaka chonse choyamba.

"Ana awa samva, ba Zulu."

"Amamva. Koma imwe simuwadziwa. Uja wakhala pakona, dzina lake ni ndani?"

Sindinadziwe. Analoza wina, sindinadziwenso. Anandiuza kuti nditseke buku langa mlungu wathunthu, ndiphunzire mayina a ana onse ndi chilankhulo cha amayi awo, ndipo pambuyo pake ndidzabwere kwa iwo kudzafunsa za kuwerenga. Zinandiwawa, chifukwa ine ndinali ndi pepala, iwo analibe. Komabe ndinachita, poti njira ina ndinalibe. Mlungu wachiwiri anandionetsa momwe ankatulutsira ana panja kukalemba zilembo pa fumbi ndi chala, kuti masileti asakhale chifukwa chokanganirana. Anandipatsa thumba la zotsekera mabotolo zimene ankatola kumsika, zowerengera masamu. Anandiphunzitsanso kuti mwana wolankhula Chibemba akatchula mawu m'chilankhulo chake, ndisamudule, koma ndilembe mawuwo pa bolodi, pambali pake ndilembe a Chinyanja. Pofika nyengo ya mvula, ana anga anali atayamba kulumikiza zilembo.

Sindikufuna kuti muganize kuti ba Zulu analibe zofooka. Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka, ndipo ana ankatengera katchulidwe komweko. Belu likalira iwo sankalimva. Ankatha kukhala pa tsamba limodzi milungu itatu chifukwa ana awiri sanalimvetse, buku nkutsala theka chaka chikutha. Akakwiya ankamenya tebulo ndi ndodo mpaka ana anga kuseri kwa khoma kudzidzimuka. Ndiponso poyamba sankakhulupirira kuti mkazi angagwire kalasi. Koma tsiku lina atamva ana anga akuwerenga mokweza, anasuzumira pakhomo nati, "Mwana wanga, manje ndimwe aticha." Kuyambira pamenepo dzina la ba Koleji linatha.

1958: Ku Koleji

Ndinakhala ku Matero zaka zinayi, ndipo m'zaka zimenezo ndinakwatiwa ndi atate anu. Kenako woyendera masukulu wina ataona kalasi yanga, analemba kalata, ndipo anandiitana ku koleji ya aphunzitsi imene inali kunja kwa tauni, kuti ndikhale wothandiza pa maphunziro a ana aang'ono. Bwana wanga anali mayi wachizungu amene ophunzira ankamutcha Dona Kamphepo, chifukwa ankayenda ngati akuthamangitsidwa, mapepala akuuluka m'khwapa. Anali wolimbikira, wosakonda nkhani zazitali, koma Chinyanja ankadziwa moni wokha. Panalinso a Chirwa, mphunzitsi wamkulu mwa ife akuda, amene anaphunzira ku Joni ndipo ankavala tayi ngakhale mu Okutobala. A Chirwa ankatiuza kawirikawiri kuti tsiku likubwera loti tidzadzilamula tokha, ndipo tsiku limenelo pasadzapezeke munthu wonena kuti mphunzitsi wakuda ndi wotsika.

Ntchito yanga yaikulu inali kuperekeza ophunzira kukayeserera kuphunzitsa m'masukulu a m'makomboni. Tinkakwera lole ya koleji, ena kutsika ku Matero, ena ku Kalingalinga, ife nkumayenda kalasi ndi kalasi, kukhala kumbuyo, kuonerera ndi kupereka mamakisi. Vuto linali lakuti aliyense wa ife ankapereka monga mwa mtima wake. Mtsikana mmodzi amene ine ndinamukhozetsa Lolemba, a Chirwa anamulepheretsa Lachitatu, phunziro lili lofanana. Mtsikanayo analira mu lole njira yonse. Dona Kamphepo atamva, anandiitana mu ofesi nati, m'Chingerezi, popeza ndine ndinachokera kumene m'kalasi, ndilembe pa tsamba limodzi zinthu zoyenera kuyang'ana pamene munthu akuphunzitsa, kuti tonse tiziyeza ndi muyeso umodzi.

Ndinalemba Loweruka masana, pakhonde, iwe Lute uli kumsana. Zinatuluka mfundo khumi. Ndinalemba kuti mphunzitsi akhale atakonza phunziro lake m'buku. Ndinalemba kuti ayambe ndi kumaliza pa nthawi yake, kuti bolodi lake likhale laudongo, kuti azifunsa ana akumbuyo monga akutsogolo, kuti akhale ndi zinthu zoti ana agwire m'manja. Ndinalembanso kuti azitchula bwino mawu a Chingerezi, ndi kuti azikhala pa tsamba limene dongosolo la chaka likunena. Zina zinali zokhudza ukhondo ndi mawu omveka. Polemba ndinkaganiza za atsikana ndi anyamata athu a zaka makumi awiri, amene ankafunika njanji yoti ayendemo. Sindinaganize za munthu wina aliyense. Dona anawerenga ataimirira, nati amene wakwanitsa mfundo zisanu ndi ziwiri wakhoza, ndipo pepalalo linayamba kugwira ntchito. Linatithandizadi. Kukangana kwa ife aphunzitsi kunachepa, ndipo ophunzira anadziwa chimene tikufuna.

Masiku amenewo aphunzitsi a m'makoleji ankakumana kamodzi pa chaka, ndipo zimene agwirizana ankazitumiza ku ofesi ya maphunziro. Aofesi ankawamvera, chifukwa iwo eni m'kalasi sankalowamo kawirikawiri. Dona anatenga pepala langa kupita nalo kumsonkhano umenewo. Ine sindinapiteko, ndipo ndinaiwalako. Patatha chaka ndi miyezi, mu 1960, linabwerera litasindikizidwa, lili ndi chidindo cha boma. Mawu anali anga omwe, ngakhale ndondomeko yake sanaisinthe. Koma pamwamba pake anawonjezera ndime imene ine sindinalembe. Inkati aphunzitsi onse opanda satifiketi m'masukulu a m'tauni adzaonereredwa ndi kuyesedwa ndi mfundo zimenezi, ndipo olephera adzasiya ntchito pakutha kwa chaka. Ndivomere kuti tsiku limenelo ndime imeneyi sindinaiganizire. Ndinanyamula pepalalo kupita nalo kunyumba kukaonetsa atate anu, ndili wonyada kwambiri. A Chirwa anandigwira chanza pamaso pa anthu.

1961: Kanyama

Oyendera masukulu anali ochepa, choncho ntchito yoyesa aphunzitsi opanda satifiketi anatigawira ife a ku koleji. Chakumayambiriro kwa chaka ndinalandira mndandanda wanga. Dzina lachitatu linali la ba Yohane Zulu, amene panthawiyo anali atasamutsidwira ku kasukulu kena ka mpingo m'mphepete mwa Kanyama, ngakhale ankagonabe m'nyumba yawo ya ku Matero. Ndinapita kwa Dona kukapempha kuti dzinalo alipereke kwa wina. Anandiuza kuti angathe, koma wotsala ndi mzungu wa ku ofesi amene samva Chinyanja, ndipo adzangoyang'ana wotchi ndi buku. Anandifunsa chimene ndikufunira mkuluyo. Ndinati ndipita ndekha.

Ndisanafike kwa ba Zulu ndinayamba ndi ena awiri. Woyamba anakhoza. Wachiwiri anali mayi wina wa ku Kalingalinga, amayi Sakala, wamasiye wa ana anayi. Anakwanitsa mfundo zisanu. Nditawauza, sanalire. Anangomanganso chitenje chawo, nandithokoza chifukwa chobwera, nabwerera m'kalasi kukamaliza phunziro.

Ku Kanyama ndinapita mu Febuluwale, mvula ili pakati. Amene mukuidziwa Kanyama mukudziwa kuti pansi pake ndi mwala, madzi salowa. Ndinavula nsapato, ndikuyenda m'madzi ofika m'akakolo, njinga ndikukankha. Sukulu inali tchalitchi cha zidina, denga la malata akale otsindiridwa ndi miyala. Ana anakhala pa njerwa, mapazi ali m'mwamba. Ba Zulu anali atakalamba kuposa m'mene ndinkayembekezera, jekete ili yomweyo. Anandilandira mwaulemu, nandipatsa mpando wawo, nauza ana kuti, "Awa ni bakulu ba ku koleji, muwapatse moni." Ndinakhala kumbuyo, pepala lili pa bondo.

Anayesetsa, ndipo zimenezi ndi zimene zinandipweteka. Anali atagula buku latsopano ndi kulembamo mizere itatu, koma linali tsiku limodzi lokha, masamba ena onse oyera. Phunziro la Chingerezi linali loyamba, ndipo mawu amene analemba pa bolodi, awiri anali olakwika. Kenako anayamba kuwerenga Chinyanja, ndipo pamenepo anaiwala kuti ndilipo. Anayenda pakati pa ana, kugwada m'matope pafupi ndi kamtsikana kena kamene kankasokoneza zilembo ziwiri, nakhala nako mpaka katazisiyanitsa. Nthawi ya phunziro inapitirira kutali. Tsamba limene anali nalo linali la mwezi wapita. Ndinachonga zimene ndinaona, ndipo zinakwana zisanu.

Ana atatuluka kukapuma, tinaima awiri pansi pa denga, madzi akudontha patsogolo pathu.

"Vakwana vingati?" anandifunsa.

"Zisanu, ba Zulu."

"Vifunika vingati?"

"Zisanu ndi ziwiri."

"Manje vatsala viwiri chabe." Anayang'ana cholembera chimene chinali m'dzanja langa. Kenako anatsitsa mawu. "Mwana wanga, ine sininakupempheniko kanthu chiyambire. Zatsala zaka ziwiri kuti nipume bwinobwino. Nikachoka manje, nyumba ya ku Matero nibweza. Mkazi wanga, amake Rabeka, anachoka kumunzi ali mtsikana, khasu analiiwala. Viwiri chabe. Palibe azadziwa."

Zinali zoona, palibe akanadziwa. M'tchalitchimo munalibe wamkulu wina. Ndinayang'ana pepala, ndikuona mipata iwiri imene ndikanachonga mosavuta, wa nthawi ndi wa buku. Koma ndinakumbukira amayi Sakala akumanga chitenje. Iwonso anali ndi zisanu, ndipo iwo sanandiphunzitsepo kanthu kuti ndiwakomere mtima. Ndikachonga apa, ndiye kuti amayi aja ndawachotsa ntchito chifukwa chongoti sitidziwana.

"Ba Zulu, sindingachonge chimene sindinaone," ndinatero. Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakwiye. Anapempha kuti aone pepalalo, ndipo ndinawawerengera mfundo zonse khumi, ndikumasulira m'Chinyanja.

"Analemba ivi ni ndani? Bazungu ba ku ofesi?"

Ndikanatha kuvomera, koma ndinati, "Ndine."

"Ndimwe?"

"Ndine, ba Zulu. Ndinalembera ophunzira athu. Sindinadziwe kuti lidzafika kuno."

Anandibwezera pepala. "Mwalemba bwino," anatero. "Bolodi ilipo, wochi ilipo, buku ilipo. Koma mwana alibemo. Munaiwala kufunsa ngati mwana awerenga."

Analowa kukaitana ana. Ine ndinatsala panja ndikuwerenganso mfundo zanga imodziimodzi, kufunafuna pamene ndinatchula zimenezo. Panalibe. Zonse khumi zinkayang'ana mphunzitsi.

Sindinabwerere ku koleji masana amenewo. M'chikwama ndinali ndi kabuku ka zaukhondo kamene ana aja anali asanakaonepo. Ndinapempha ba Zulu kuti andilole kuitana ana mmodzimmodzi pakhomo. Aliyense ndinkamutsegulira tsamba lina, iye nkuwerenga, ine nkumufunsa chimene wamva. Ena ankawerenga mothamanga, ena mogwira chilembo ndi chala, koma ankafika kumapeto. Amene analepheratu sanakwane zala za dzanja limodzi. Ndinalemba mayina awo onse kuseri kwa pepala, ndi zimene aliyense anachita. Kutsogolo ndinasiya zisanu zija monga zinalili, ndi kusaina dzina langa.

1962: Msonkhano

Ndinapereka pepalalo kwa Dona ndi kumupempha kuti awerenge kuseri. Anawerenga, ulendo uno atakhala pansi. Anati lamulo ndi lamulo, iye sangalisinthe, koma amene analipereka ku ofesi ndi msonkhano wa aphunzitsi a m'makoleji, ndipo msonkhano womwewo ungathe kupempha kuti likonzedwe. Anandifunsa ngati ndingaime ndekha kukalankhula. Ndinali ndisanalankhulepo pamaso pa azungu oposa awiri. Ndinavomera. Miyezi yotsatira, sukulu iliyonse imene ndinkapita ndinkayesanso ana, mphunzitsi wawo akhoze kapena alephere. Ndinabwereranso ku Kalingalinga kwa amayi Sakala. Ndinapeza kuti ena olephera analidi olephera, ana awo sankadziwa kanthu. Koma ndinapezanso ena okhoza mfundo zonse, mabuku awo okongola, ana awo osatha kuwerenga dzina lawo lomwe.

Msonkhano unachitika chaka chitatha kale, ba Zulu atachoka. Ndinapita kukatsazikana nawo tsiku limene ankakweza katundu pa lole ku Matero. Ba Zulu anandipatsa moni nandifunsa za ana. Akazi awo anandiyang'ana kamodzi, napitiriza kumanga mphasa. Ndinaima pamenepo mpaka lole itanyamuka, osadziwa choti ndichite ndi manja anga.

Pamsonkhano ndinaima ndi mtolo wa mapepala anga. Ndinayamba ndi kuwauza kuti mfundo khumi zija ndinalemba ndine, ndipo ndabwera kudzanena chimene ndinaiwala. Ndinafotokoza za Kanyama popanda kutchula dzina. Ndinapempha zinthu ziwiri: kuti woyesa mphunzitsi aziyesanso ana ake, ndi kuti wolephera asamachotsedwe nthawi yomweyo, koma aziitanidwa ku koleji pa tchuthi kudzaphunzira zimene zikumusowa, kenako ayesedwenso.

Amene ananditsutsa kwambiri sanali mzungu. Anali a Chirwa. Anaimirira nati ulamuliro wathu uli pafupi, ndipo ana a m'makomboni akuyenera mphunzitsi wodziwa Chingerezi monga ana a kumayadi. Anati tikayamba kumvera chisoni munthu aliyense, azungu adzanena kuti akuda eni ake apempha muyeso wotsika. Pa nthawi ya tiyi anandipeza pakhonde.

"Amayi Phiri, mukufuna kugwetsa chimene munamanga nokha?"

"Iyayi, a Chirwa. Ndikufuna kuwonjezera. Ngati kuyesa ana kuli kutsitsa muyeso, ndiuzeni."

"Nanga Chingerezi cholakwika chija pa bolodi? Ana amenewo akafika Sitandade 3 adzavutika, ndipo wowavutitsa mukumudziwa."

"Ndikumudziwa. Nchifukwa chake ndikuti abwere timuphunzitse. Tikamuchotsa, kalasi yake itsala ndi ndani? Ophunzira athu onse a chaka chino sangakwane Matero yokha."

A Chirwa anamaliza tiyi wawo. Titalowanso, anaimirira nati avomera za kuyesa ana, chifukwa zimenezo zikukweza muyeso, ndipo za maphunziro a pa tchuthi avomera pokhapokha mwayi ukhale umodzi, wolephera kachiwiri azipita. Pa Chingerezi sanasunthe, ndipo lero ndikuona kuti pamenepo anali ndi mfundo. Msonkhano unagwirizana motero. Dona ndi a Chirwa analemba kalata ya ku ofesi, ine ndinasaina pansi pawo.

1963: Yankho

Aofesi anatenga nthawi yawo. Masiku amenewo maganizo a aliyense anali pa ndale, ndipo kalata yathu inagona m'kabati miyezi yambiri. Yankho litabwera, linavomera zonse ziwiri, ndi kuwonjezera kuti amene anachotsedwa kale angathenso kubwera ku maphunziro a pa tchuthi ngati akufuna. Koleji iliyonse inapatsidwa malo owerengeka. Tsiku lomwelo ndinalemba makalata awiri. Amayi Sakala ndinawapeza akugulitsa makala ku Kalingalinga. Anabwera, anakhoza, ndipo anaphunzitsanso mpaka ukalamba. Kalata ina ndinatumiza ku mishoni ya kufupi ndi mudzi wa ba Zulu, ndikuwauza kuti ndawasungira malo, ndi kuti mawu amene ananena ku Kanyama tsopano ali m'lamulo.

Yankho linafika patatha milungu isanu, m'zilembo zawo zija zozungulira bwino. Linali lalifupi. Anati kalata yanga aiona, ndipo akondwa kuti ana tsopano azifunsidwa. Anati iwo sabwera, chifukwa maso ayamba kuchita chifunga, ndiponso amake Rabeka anadwala atangofika kumudzi, sangawasiye okha. Za nyumba ya ku Matero sanatchule, za kundikhululukira sanatchulenso. Anangoti pa sukulu ya m'mudzimo pali mayi wina, Tisauke Mbewe, amene akuphunzitsa wopanda pepala, ndipo ngati malowo alipodi, ndimupatse iyeyo. Ndinapita nayo kalatayo kwa Dona. Malowo anali a aphunzitsi a m'tauni, koma Dona anayang'ana kudenga kanthawi nati dzina limodzi silingagwetse koleji.

Ba Zulu sindinawaonenso. Anamwalira patapita zaka zingapo, ndipo uthenga unandipeza maliro atapita kale. Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi ngati ndinachita bwino tsiku lija ku Kanyama. Ndikanachonga ziwiri zija, mkulu uja akanapuma ali m'nyumba yake, ndipo mwina lamulo likanakhala momwemo, chifukwa ine sindikanakhala ndi chondikankha kuti ndikaime pamsonkhano. Koma zimenezi ndi zolingalira za ine amene ndinatsala pantchito. Amene anakwera lole anali iwo. Chimene ndinasintha ndi ichi: m'zaka zonse zimene ndinakhala m'makomiti pambuyo pake, sindinasainepo lamulo lokhudza aphunzitsi ndisanapite nalo kwa aphunzitsi eni ake, kuwawerengera, ndi kuwafunsa chimene ndaiwala.

Tisauke Mbewe anafika pa koleji tsiku loyamba la tchuthi, atanyamula sutikesi yamalata pamutu. Anali wamtali, wa zaka ngati zanga, wamanyazi pang'ono. M'kalasi anakhala pa benchi yakutsogolo, pafupi penipeni ndi tebulo langa. Phunziro litatha anatsalira, nagwada pambali pa mpando wanga monga amachitira kumudzi.

"Ba Zulu akupatsani moni," anatero.

"Ali bwanji?"

"Ali bwino, koma maso. Anandiuza vinthu viwiri. Anati nikhale kutsogolo, chifukwa imwe mudziwa kuphunzitsa."

"Chachiwiri?"

Anayang'ana pansi, akumwetulira. "Anati nilimbikire nekha, nisakupempheni kanthu, chifukwa simupatsa."

Ndinaseka, kenako ndinapeza kuti ndikufunika kupukuta m'maso. Ndinamuuza kuti adzuke, ndi kuti mawa abwere ndi buku lake tiyambe Chingerezi. Pakutha kwa chaka ndinakwera basi kupita kumudzi kwawo kukamuyesa. Anakwanitsa mfundo zisanu ndi zitatu, ndipo ana ake anawerenga.